Makina Atatu ndi Wilibala ya Malume

Ku ofesi yoona za chilengedwe kunalibe munthu woyenda ndi dzina la pachiphaso chake. Ukangotha mwezi pantchito anzako ankakupatsa lina, ndipo ukalikana ndiye limakumatirira mpaka kupuma. Injiniya wa makina oyezera ankamutchula Nawaya, chifukwa m'chikwama cha m'manja, momwe amayi anzake amasungamo kagalasi ndi mafuta odzola, iye ankasungamo pulayala, tepi wakuda ndi timawaya todukaduka. Bwana wamkulu anali a Mwachidule. Iwowa akaimirira pamsonkhano n'kunena kuti "mwachidule," anthu ankavula nsapato pansi pa tebulo, podziwa kuti ola lathunthu lapita basi.

Chaka chimenecho boma linaganiza zoika makina oyezera cheza choopsa, chimene ophunzira amati rediyeshoni, m'malo makumi anayi m'dziko monse: pafupi ndi migodi, m'malire, m'mizinda, kumabwalo a ndege. Cheza chimenechi sichioneka, sichinunkha, sichilira. Chochepa chilipo paliponse, m'nthaka ndi m'miyala, ndipo tonsefe timakhala nacho osadwala. Ntchito ya makinawo inali kuchiyeza nthawi zonse n'kumatumiza manambala ku likulu kudzera pa netiweki ya foni, kuti tsiku lina chikadzakwera mosayenera, wina adzadziwe anthu asanapweteke. Funso linali loti agule makina ati. Makampani atatu anabwereketsa makina awo kuti ayesedwe mwezi wathunthu, ndipo wolemba lipoti n'kulisainira anali Nawaya.

Makinawo sanathe tsiku asanapatsidwe mayina. Oyamba anali oyera mbee, osalala, okhala ndi kagalasi koonetsa manambala obiriwira, ndipo anangoti ameneyu ndi Mkwatibwi. Achiwiri anali kakang'ono kopepuka, Kachitini. Achitatu, abale inu, anali chinthu chotuwa, cholemera, chosapatsa chidwi ngakhale pang'ono. Chimenecho chinali Chigubu.

A Mwachidule anagwa m'chikondi ndi Mkwatibwi tsiku loyamba lomwelo, ndipo m'maso mwawo munkaoneka kale nduna ikudula riboni. Nawaya sanayang'ane nkhope. Anamasula makina onse atatu n'kusuzumira m'kati, chifukwa amene adzayende misewu yafumbi kukakonza zikadzafa ndi iyeyo, osati nduna. M'Chigubu anapeza mphira wonenepa wotchinga madzi, batire lotha masiku khumi popanda dzuwa, ndipo panalibe kabowo koti nyerere n'kulowera. Mtima wake unakhazikika pamenepo, koma anadziwa kuti mtima sulowa mu lipoti.

Bwalo loyesera linali kudepoti, kumene ofesi inkasungira katundu, kutsidya lina la mzinda. Ukagwidwa ndi mdipiti wa magalimoto unkatha ola ndi theka panjira. Kumeneko kunali kapinga wabwino, kutali ndi makoma. Nawaya anaimika Mkwatibwi ndi Kachitini pa timiyendo tawo, pomwe Chigubu anachimangirira pamtengo wachitsulo munthu wa kukampani yake, ndi mabawuti akeake. Woyang'anira depoti anali a Makiyi, malume ake enieni a Nawaya, mlongo wa mayi ake, munthu amene ankamveka asanaoneke chifukwa cha mulu wa makiyi palamba.

"Malume, zinthuzi n'zobwereka," anatero Nawaya akukwera galimoto. "Muzisamalire, eni ake adzazifuna zili bwinobwino."

"Iwe, ukuphunzitsa ine kusamala katundu?" anayankha a Makiyi. "Pita ukagwire ntchito yako."

Anapitadi, ndipo masabata anayi athunthu sanapondekonso. Akanapitiranji, manambala akubwera okha pakompyuta?

Lolemba lotsatira komiti inakhala pansi, ndipo Nawaya anaonetsa pakhoma mizere itatu. Mzere wa Mkwatibwi unali wogona phee. Wa Kachitini chimodzimodzi. Koma wa Chigubu, mayo ine, unali ndi timapiri tisanu ndi tinayi, tosongoka, toonekera ngakhale kwa munthu wokhala kukhomo.

"Mwachidule," anayamba a Mwachidule, ndipo pansi pa tebulo panamveka nsapato zikuvulidwa. Anafotokoza za udindo, za mbiri ya ofesi, za ulendo wawo wina wakunja, kenako anafika pankhani. "Makina achitatuwa ndi amantha. Mwezi umodzi akuwa kasanu ndi kanayi popanda chifukwa. Tikagula makumi anayi, foni yanga idzapuma liti? Anthu adzathawa m'nyumba zawo chifukwa cha chigubu."

"Chifukwa chilipo, bwana," anatero Nawaya. "Timapirito ndi mvula. M'nthaka mumatuluka mpweya wina wotchedwa radoni, umene umakwera m'mwamba. Mvula ikagwa imatsitsa tizidutswa take pansi, cheza chimakwera pang'ono, ndipo pakapita maola awiri kapena atatu chimatsikanso. Si choopsa ayi, koma makina abwino ayenera kuchiona. Amene sakuona chaching'onochi, chachikulu adzachiona mochedwa. Ndafufuza masiku onse asanu ndi anayi, onsewo kunagwa mvula."

"Ndiye mvulayo inkasankha?" anafunsa a Mwachidule. "Inkagwera Chigubu chokha, anzakewo n'kuwalambalala? Mkwatibwi eni ake akuti amamva ngakhale nyerere ikatsokomola. Bwanji iye sanaone? Mboni ziwiri zikuti kunalibe kanthu, imodzi ikuti kunali. Ngakhale kukhoti, mayi injiniya, mlandu umenewo mukhoza kupambana?"

Mayi wa zogulagula, amene anali atakonza kale mapepala a Mkwatibwi, anagwedeza mutu movomereza. Funso la bwana linali labwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupsetsa mtima kwambiri Nawaya.

"Lachisanu musaine lipoti," anamaliza a Mwachidule. "Mulembe kuti Chigubu chimanama, chibwerere kwawo."

Nawaya anatuluka mtima uli phaphapha. Kusaina lipoti limenelo kunali kuika dzina lake pansi pa mawu amene ankadziwa kuti si oona, n'kupatsa dziko lonse makina makumi anayi amene mwina ndi ogontha. Kukana kusaina popanda umboni kunali kudzionetsa wamakani chabe. Anali ndi masiku anayi.

Lachiwiri anatseka chitseko cha ofesi yake n'kuyamba kupeta manambala mmodzimmodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekhadi mpaka tiyi anazizira kawiri. Manambala a cheza sanamuuze kanthu katsopano. Koma makina aliwonse ankalembanso kutentha kwa thupi lawo, chinthu chimene palibe ankachiyang'ana. Nawaya anachiyang'ana. Mvula ikayamba, Chigubu chinkazizira, monga chinthu chilichonse chonyowa. Mkwatibwi ndi Kachitini ankachita zosiyana: ankafunda. Mvula ikakata ankaziziranso. Masiku onse asanu ndi anayi, zomwezo.

"Makina ofunda pamvula?" anadzifunsa mokweza. "Kodi amavala juzi?"

Lachitatu masana anakwera galimoto kupita kudepoti. Anapeza makina onse atatu ali pamalo pake pakapinga, owala ngati apukutidwa m'mawa womwewo, ndipo analidi atapukutidwa. Malume ake anamulandira ndi chimwemwe, anamukhazika pakhonde, anatereka ketulo.

Tsono a Makiyi muwadziwe bwino. Anali atagwira ntchito padepotiyo zaka makumi atatu ndi chimodzi osataya ngakhale kasikulu komangira zitsulo. Oyendera katundu akabwera ankachoka okhumudwa, chifukwa chowakalipira panalibe. Inali itatsala miyezi itatu kuti apume, ndipo ofesi inali itawalonjeza satifiketi yaulemu patsiku lotsanzikana. Felemu yoikamo satifiketiyo anali atagula kale, ngakhale msomali anali atakhoma kale pakhoma la pabalaza kwawo. Nawaya bambo ake atamwalira, ndi malume amenewa ankamunyamula panjinga kupita kusukulu, mvula kaya dzuwa, ndipo pulayala yoyamba kuigwira m'manja inali yawo. Tsiku limene analembedwa ntchito ya uinjiniya, a Makiyi anazungulira depoti yonse kuuza aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Ali m'kati mwa nkhani ya bondo la mayi ake a Nawaya, kunja kunada. Kamphepo kozizira kanadutsa pakhonde. A Makiyi anasiya chiganizo pakati, anaika kapu pansi, anayang'ana kumwamba kamodzi kokha.

"Yabwera," anatero. "Ndidikire pomwepo."

Anazimirira kuseri, n'kutulukira akukankha wilibala yoyalidwa bulangete lakale. Anafika pa Mkwatibwi, anamunyamula ndi timiyendo take tomwe mosamala ngati khanda, anamugoneka m'wilibala. Anatenga Kachitini n'kukagoneka pambali pake, anafunditsa onse awiri, ulendo wa kuchipinda cham'kati chosungira katundu, chija cha makoma onenepa chopanda zenera. Pobwerako anatenga pepala lapulasitiki n'kuveka Chigubu kumutu, anamanga ndi chingwe. Madontho oyamba anagwa iwo akuponda pakhonde.

"Mphindi zinayi," anatero akupukuta m'manja, nkhope ili ngwee. "Poyamba ndinkatha zisanu ndi ziwiri. Ichi chokha n'chimene chimandimvetsa chisoni, chimagona panja ngati chilibe mwini. Mabawuti ake ndi achilendo, masipanala anga onse akana. Ukawauze akampaniwo kuti si ine, ndinayesetsa."

Nawaya anaika kapu pansi.

"Malume... mumachita chonchi nthawi zonse?"

"Kasanu ndi kanayi, lero kakhumi. Zonse zili m'buku." Anatulutsa buku lachikuto cholimba, anasolola cholembera kukhutu, analemba tsiku ndi nthawi m'zilembo zawo zoongoka. Tsamba lonse linali laudongo: tsiku, nthawi yolowetsa, nthawi yotulutsa, saini. "Ikakata ndimazibwezera pomwe zinali, ndinaika timiyala topenyera. Unati n'zobwereka, eti? Zaka zonsezi katundu wa boma sananyowepo m'manja mwanga, ndiye wobwereka anyowe mwana wa mlongo wanga atasainira? Anthu angati chiyani?"

Umboni unali pamenepo, m'buku, wolembedwa bwino kuposa momwe iye akanaulembera. Ndipo unali umboni woti malume ake aononga mayeso a dziko lonse, ndi saini yawo kasanu ndi kanayi. Nawaya anafuna kuseka, anafunanso kulira. Mawu anali okonzeka: malume, makina amenewa ntchito yawo n'kunyowa. Anawayang'ana akuvundula shuga m'kapu mokhutira, ndipo mawuwo anabwerera m'mimba.

"Tiyi wakoma, malume," ndi zokhazo zimene ananena.

Apa ndiye Nawaya anayamba nzeru, ndipo nzeru za munthu wothawa kulankhula zimakhala zambiri. Lachinayi anapita kwa a Mwachidule n'kuwauza kuti si bwino komiti isankhe chinthu chimene sinachione chili pantchito. Bwanji msonkhano wa Lachisanu ukachitikire kudepoti, cha m'ma thu koloko masana? Mwinanso pangajambulidwe chithunzi, bwana ataima pambali pa Mkwatibwi. Pomva za chithunzi, a Mwachidule anavomera asanamalize n'komwe kufunsidwa.

Mapulani ake anali otere. A zanyengo anali atanena kuti mvula izigwa masana aliwonse mpaka kutha kwa sabata. Ikagwa komiti ili pomwepo, makina onse ali panja, aliyense adzaona ndi maso ake kuti Chigubu sichinama. Chofunika chinali chimodzi, malume asakhalepo. Nanga akadzafunsa chifukwa chimene awiriwo sankakwera kale? Adzati mwina netiweki, mwina chinachake, adzaona pomwepo. Taonani munthu amene anakana kusainira bodza la bwana, tsopano akusoka lakelake.

Lachisanu anafika kudepoti msanga.

"Malume, ndithandizeni. Pakufunika loko wamkulu, wa mkuwa, uja amagulitsa kusitolo ya kuseri kwa njanji kokha. Mabwana akufuna lero lomwe."

A Makiyi anamuyang'ana kanthawi. "Loko wa chitseko chiti?"

"Cha... adzanena okha. Musathamange, malume, pitani pang'onopang'ono."

Anayang'ana kumwamba, kunali koyera. Anakwera njinga yawo n'kupita.

Komiti inafika, mipando inaikidwa pakhonde, kompyuta patebulo. Chithunzi chinajambulidwa katatu chifukwa koyamba bwana anaphethira. Kenako a Mwachidule anaimirira n'kunena mawu awo aja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Nawaya anapemphera kuti alankhule motalika. Pemphero linayankhidwa. Ali pa mbiri ya ofesi, mitambo inayamba kusonkhana. Ali pa ulendo wakunja, kunada bii. Kamphepo kaja kanadutsa, mapepala a mayi wa zogulagula anauluka. Nawaya mtima unali dididi. Zonse zinali kuyenda bwino.

Ndiye pageti panamveka makiyi.

Walira mvula walira matope. A Makiyi nawonso anali ataiona mitamboyo ali kuseri kwa njanji, ndipo anapalasa njinga ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Analowa ali wefuwefu, malaya atamatirira kumsana, anaponya njinga pakapinga.

"Pepani mabwana, moni pambuyo!" anakuwa akudutsa pakhonde. Asanaphethire munthu, wilibala inali itatulukira, bulangete lili m'kati. Madontho anali atayamba. Anafika pa Mkwatibwi n'kumukumbatira.

"Malume, zisiyeni!"

Nawaya sanadziwe kuti mawu ake angakwere chotero. Chibadwire anali asanawakalipirepo malume ake, ndipo lero anachita pamaso pa anthu. A Makiyi anaima chilili pakati pa bwalo, Mkwatibwi ali m'manja, mvula ikuwamenya pamutu.

"Zinyowatu, mwana wanga," anatero modabwa.

"Kodi akuluwa akupita nawo kuti makinawo?" anafunsa a Mwachidule.

"M'nyumba, bwana, monga mwa nthawi zonse," anayankha a Makiyi monyadira. "Chiyambire sananyowepo ngakhale dontho. Buku lilipo, ndikatenge?"

A Mwachidule anayang'ana wilibala, anayang'ana bulangete, anayang'ana mizere iwiri yogona pakompyuta, ndipo munthu ankatha kuona nkhaniyo ikulowa m'mutu mwawo pang'onopang'ono. Mayi wa zogulagula ndi amene anayamba. Anayesa kudzigwira pakamwa koma zinakanika, anaphulika chikhakhali mpaka misozi, ena onse n'kutsatira. Wina kumbuyo ananong'ona kuti "a Wilibala," ndipo kunong'onako kunamveka mpaka pakapinga.

Nawaya anatsika pakhonde n'kulowa mumvula. Anatenga Mkwatibwi m'manja mwa malume ake, anamuimika pa timiyala tija, anatembenukira komiti tsitsi likudontha.

"Bwana, wolakwa ndine. Ndinawauza kuti zinthuzi n'zobwereka, azisamalire, ndipo anachita zimene ndinanena. Sindinawafotokozere kuti makinawa ntchito yawo n'kukhala pamvula. Masabata anayi sindinabwere kudzaona, ndinkangoyang'ana mizere pakompyuta. Ndinadziwa Lachitatu, koma sindinakuuzeni, ndipo lero ndimafuna kukunamizani kuti ndi netiweki. Tsono tiyeni tingodikira, tione."

Kuseka kunatha. Anadikira. Patapita mphindi khumi ndi zisanu mzere wa Chigubu unayamba kukwera, ndipo pambali pake, ngati akupita kumsika limodzi, wa Mkwatibwi unakweranso. Wa Kachitini unangogwedezeka pang'ono n'kugonanso. A Mwachidule anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda kompyuta.

"Ndiye Chigubu sichinama," anatero pomaliza. "Koma Mkwatibwi wanganso wamva, mwaona?"

"Wamva, bwana. Koma ino ndi mvula yake yoyamba. Tiyeni mukamuone kumaso."

Anapita pansi pa ambulera. M'kati mwa kagalasi ka Mkwatibwi munali mutayamba nkhungu, manambala obiriwira aja akuoneka mwa apo ndi apo. Kaya inali nkhungu yongodutsa, kaya madzi anali atapeza njira, palibe akanadziwa tsiku limenelo. A Mwachidule anapukuta kunja kwa galasi ndi mpango wawo, osathandiza, anapukutanso.

"Kachitini kabwerere kwawo," analamula. "Awiriwa akhale panja mwezi wina, mvula, dzuwa, matalala, zonse ziwapeze. Lipoti mulembe zimene zachitika, mayi injiniya, zonse. Dzina la wolakwa muike lanu, mwalipempha nokha. Akuluwa asiyeni, satifiketi yawo alandira." Anayang'ananso wilibala, milomo ikunjenjemera, n'kuthamangira kugalimoto asanaseke.

Nawaya anapuma mpweya wautali. Chigubu chinali chitapulumuka, dzina lake silinapite pansi pa bodza, ngakhale satifiketi inali itapulumuka. Magalimoto atatuluka pageti anamva thupi lonse kupepuka, ndipo anapita kukafuna malume ake kuti aseke nawo nkhaniyi, monga ankasekera zinthu zambiri.

Anawapeza m'chipinda cham'kati, atakhala pabokosi, zovala zikudontha pansi. Bulangete anali atalipinda bwinobwino n'kuliika pashelefu.

"Malume, zatha bwino. Bwana akuti palibe mlandu."

"Ndamva."

"Musadandaule ndi kuseka kuja. Anthu aja amaseka chilichonse, mawa aiwala."

"Aseke. Ndalakwitsa, ndipo wolakwitsa amasekedwa. Ndine wamkulu, kuseka sikungandithyole fupa." Analowetsa dzanja m'thumba la buluku, anatulutsa loko wamkuwa, watsopano, makiyi ake awiri akulendewera pakawaya. Anamuika pabokosi pakati pa awiriwo. "Loko wako uyu."

Nawaya anayang'ana pansi.

"Padepoti pano pali zitseko makumi awiri ndi zitatu," anapitiriza a Makiyi mofatsa. "Chilichonse ndimachidziwa ngati mwana wanga, ndipo palibe chosowa loko. Ndinadziwa pomwe unkanena paja. Ndinati mwina mwanayu ali ndi chifukwa, ndipite. Panjira ponse ndimadzifunsa kuti kodi ndi malaya angawa, kodi ndi Chingerezi changa, chimene akuchitira manyazi pamaso pa mabwana ake."

"Ayi malume, si choncho! Ndimafuna kukutetezani."

"Lachitatu unakhala pakhonde langa, unamwa tiyi wanga, unandiona ndikuthamanga ndi wilibala ngati chitsiru. Unali ukudziwa. Ukanangoti, malume, mwalakwitsa, zimenezi zimagona panja. Ndikanakwiya mphindi zisanu, kenako tikanapita tonse kwa bwana, ine ndi buku langa, ndikananena ndi pakamwa panga. Ine ndinakuphunzitsa kugwira pulayala uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ukalakwitsa ndinkakuuza pomwepo, chifukwa ndinkadziwa kuti ukhoza kumva. Iwe unaona kuti ine sindingathe kumva."

Manyazi amene anamugwira Nawaya pamenepo anaposa a pakhonde paja kutalitali. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Pepani, malume."

A Makiyi anagwedeza mutu, anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, anayamba kusankha kiyi wotsekera chipindacho.

"Ndamva. Pita usanadwale, wanyowa. Ndipo ulendo wina ukadzakhala ndi mawu ondiuza, usadzanditumenso kusitolo."